Kuweta nsomba m'thanki ya galasi mu Lilongwe: ndalama ndi nthawi zoyenera kukonzeratu

Munthu wa mu Lilongwe amene akufuna kuweta nsomba m'thanki ya galasi ali ndi mwayi umene anzake a ku Germany kapena ku America alibe, chifukwa mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala ya m'Nyanja ya Malawi, zimene iwo amachita kuitanitsa pa ndege, ife tili nazo pafupi, ulendo wa maola awiri okha kudzera msewu wa ku Salima. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kampani imene Stuart Grant anakhazikitsa ku Kambiri, kufupi ndi Senga Bay, yakhala ikutumiza nsombazi kunja zili zamoyo, mpaka mtundu wina unatchedwa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Kuyandikira kumeneku kumachititsa ambiri kuganiza kuti kuweta nsomba kuno n'kosaboola m'thumba. Komatu nsombazo ndi kagawo kochepa ka ndalama zonse, ndiponso ndi zimene zimagulidwa pomaliza. Ndalama zambiri zimapita ku galasi, ku zipangizo zochokera kunja ndi ku magetsi a miyezi yozizira, pamene nthawi imathera pa kudikira koyambirira ndi pa kusintha madzi sabata ndi sabata kwa zaka zambiri.

Popeza fyuluta yosefera madzi, hita yofunditsira madzi, chakudya ndi mankhwala oyezera madzi zonse n'zochokera kunja, mitengo yake imayendera mphamvu ya kwacha, ndipo ambiri tikukumbukira momwe zinthu zinakwerera m'masitolo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Njira yodalirika tsono ndi kuwerengera m'malita, m'mawati ndi m'mayunitsi, zimene sizisintha, kenako n'kuchulukitsa ndi mtengo wa tsiku limene mukugulalo. Tengani kope ndipo mulembemo zinthu m'magulu atatu: zogula kamodzi, zolipira mwezi ndi mwezi, ndi za mwadzidzidzi. Ngati gulu lachiwirilo likupikisana ndi lendi kapena fizi ya ana, chepetsani thanki musanayambe kugula chilichonse, chifukwa nsomba zikalowa m'madzi ndalama zimenezi sizisiyidwa mwezi wina kuti zidzalipidwe mwezi winawo.

Mtundu wa nsomba ndi umene umalamula zonse

Goldfish imapirira kuzizira kwa Juni popanda hita, koma imakula mpaka masentimita 20 kapena kuposera apo, imadetsa madzi msanga, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala zaka zoposa 10, kotero kambale ka galasi kozungulira kaja si malo ake ngakhale pang'ono. Tinsomba ta guppy timakwana m'thanki ya malita 60 yokhala ndi hita ya mawati 50, ndipo ndi poyambira pabwino kwa amene ndalama zili zomuperewera. Mbuna zokha ndi zimene zimafuna malo ndithu. Ndi nsomba za m'miyala, yamphongo iliyonse imalondera dera lake, ndipo m'thanki yothina yamphamvu imathamangitsa zinzake usana ndi usiku mpaka kuzipha. Ngakhale zili choncho, ine ndimaona kuti amene angakwanitse asankhe mbuna, chifukwa n'zolimba, zimapezeka popanda kudutsa pa chipata cha dziko, ndipo kuona khalidwe lake tsiku ndi tsiku kumasangalatsa kuposa kuona nsomba zongoyandama. Mitundu itatuyi isasakanizidwe m'thanki imodzi.

M'mawerengero onse otsatirawa titenga thanki ya masentimita 120 m'litali, 45 m'lifupi ndi 45 msinkhu, imene imalowa malita pafupifupi 240. Imeneyi ndi yaing'ono kwambiri mwa mathanki oyenera mbuna. Ambiri amayamba ndi ya malita 20 kapena 30 poganiza kuti akuteteza thumba, koma madzi ochepa amazizira msanga magetsi akazima, amaipa msanga chakudya chikachuluka, ndipo mwini wake amangokhalira kugula nsomba zolowa m'malo mwa zakufa, pomaliza n'kudzagulabe thanki yaikulu ija. Kugula kawiri kumeneku ndi kumene kumadya ndalama zambiri mwa onse oyamba kumene.

Thanki yopangidwa kale yochokera ku Johannesburg kapena ku China imakwera mtengo chifukwa cha mayendedwe ndi msonkho, choncho n'kwanzeru kudulitsa galasi konkuno. Odula magalasi a mawindo amene ali cha ku Malangalanga ndi mbali zina za Old Town angathe kukudulirani, bola muwapatse miyezo yolembedwa bwino ndipo muumirire galasi lochindikala mamilimita 10, chifukwa la mawindo lija silingapirire mphamvu ya madzi ochuluka chotere. Apempheni asalaze m'mphepete kuti musadzichekere. Silikoni yomatira ikhale yopanda mankhwala oletsa nkhungu. Yambiri ya m'mahadiweya ndi ya m'bafa ndi m'khitchini, ndipo mankhwala ake amapha nsomba pang'onopang'ono, kotero werengani zolembedwa pa chubu ndipo mutenge yolembedwa kuti ndi yoyenera akwariyamu, ndiko kuti thanki ya nsomba. Pamwamba pa thanki pakhale timizere ta galasi tolumikiza mbali yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti zisafutukuke. Mukamata, ilekeni sabata yathunthu kuti iume, kenako muidzaze madzi panja, pakhonde pamene pali pathyathyathya, ndi kuisiya masiku atatu kapena anayi. Ngati ili yodontha, ndi bwino idonthere panja kusiyana ndi pa balaza.

Poikapo pake si pongoganizira mwachidule. Madzi okha ndi makilogalamu 240, galasi ndi pafupifupi 50, ndipo mukawonjezera miyala ndi mchenga mufika makilogalamu 350, kulemera kwa matumba 7 a chimanga. Kabati ya TV singasenze katundu wotere. Pitani kwa owotcherera zitsulo, monga a ku Mchesi kapena ku Kawale, akupangireni sitandi ya chitsulo cha makona anayi, muikepo thabwa lochindikala, ndipo pakati pa thabwalo ndi galasi muyalepo katoni yoyera yofewa ija imabwera ndi mafiriji, kuti kamchenga kamodzi kotsalira kasang'ambe galasi la pansi. Malo ake akhale osafikako dzuwa, chifukwa dzuwa limameretsa ndere ndi kutenthetsa madzi mu Okotobala, komanso akhale pafupi ndi soketi. Amene muli m'nyumba ya lendi kumbukirani kuti thanki sinyamulidwa ili ndi madzi ngakhale ochepa, ndipo tsiku losamuka limafuna zigubu, anthu anayi ndi theka la tsiku la thanki yokhayo.

Pa zipangizo, fyuluta ndi imene simuyenera kuumirapo. Sankhani yotha kuzunguza malita 1,000 pa ola kapena kuposa, kuti madzi onse azidutsamo kanayi pa ola lililonse, ndipo muwonjezere pampu ya mpweya yokhala ndi fyuluta ya siponji, imene ndi yotsika mtengo koma idzakuthandizani kwambiri pa nkhani ya kuzima kwa magetsi. Hita imawerengedwa pafupifupi wati imodzi pa lita imodzi, choncho ya mawati 200 kapena 300 ikwana, ndipo igulidwe pamodzi ndi choyezera kutentha, popeza manambala olembedwa pa hita nthawi zina amasemphana ndi kutentha kwenikweni kwa madzi. Nyale ikhale ya LED wamba, chifukwa mbuna sizifuna zomera, ndipotu zimazidya kapena kuzizula. Zipangizo zochokera ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira yosalowa m'masoketi athu, choncho muikenso adaputa pa mndandanda, pamodzi ndi choteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu.

Mchenga ndi miyala ndi pamene mungapulumutse ndalama. Mchenga wa kumtsinje umene amamangira nyumba ndi wabwino mukausefa ndi kuutsuka m'ndowa mobwerezabwereza mpaka madzi atayera. Miyala itsukidwe ndi bulashi popanda sopo, ndipo iikidwe pa galasi penipeni mchenga usanathiridwe, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala wokhala pa mchenga ungagwe n'kuswa thanki. Nkhono za kunyanja kapena za m'madambo musazilowetse m'nyumba. Zina mwa izo ndi zimene zimafalitsa likodzo.

Madzi, ndi masabata odikira

Madzi a pampopi a Lilongwe Water Board amathiridwa klorini kuti anthu tizimwa bwinobwino, koma klorini yemweyo amawononga makha a nsomba ndiponso amapha mabakiteriya ofunika a m'fyuluta. Botolo la mankhwala ochotsa klorini ndi limodzi mwa zinthu zimene muzigula nthawi ndi nthawi, ndipo limakhalitsa popeza pa ndowa imodzi pamangofunika timadontho. Madzi a pa mjigo alibe klorini, koma ayezedwe kaye asanagwiritsidwe ntchito. Madzi a m'nyanja yathu ali ndi pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka m'madzi) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo pamwamba pake amatentha madigiri 24 mpaka 29, choncho m'thanki muzilondola pH yoyandikira 8 ndi madigiri 25 kapena 26. Ngati madzi anu ali pansi pa 7.5, miyala ya laimu kapena zigoba zophwanya zoikidwa m'fyuluta zimakweza pH mwapang'onopang'ono, zimene zili bwino kusiyana ndi kuthira mankhwala oikweza mwadzidzidzi.

Tsopano pakubwera gawo limene limagonjetsa anthu ambiri, ngakhale silifuna ndalama. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'zonyansa zake, ndipo amoniya ndi poizoni. M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya a mitundu iwiri okhala m'siponji ya fyuluta: ena amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira akakhala wochepa ndipo amachoka posintha madzi. M'thanki yatsopano mabakiteriyawa mulibe, ndipo kuti achuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6. Amene amadzaza madzi Loweruka n'kuika nsomba Lamulungu amaona nsomba zikupumira m'mwamba sabata yachiwiri, n'kumanena kuti anagulitsidwa zodwala, pamene chazipha ndi madzi ooneka oyera mbee. Paja akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Yatsani fyuluta ndi hita m'thanki yopanda nsomba, muziponyamo kachakudya ka nsomba kochepa tsiku lililonse kuti kaziwola, ndipo muziyeza madzi kawiri pa sabata. Mudzaona amoniya akukwera kenako n'kutsika, nitrite akutsatira chimodzimodzi, ndipo onse awiri akafika pa 0 nitrate n'kuyamba kuoneka, thanki yakonzeka. Ngati muli ndi mnzanu amene thanki yake yakhala chaka yopanda matenda, mupempheni chidutswa cha siponji ya m'fyuluta yake, muchinyamule chili m'madzi a thanki yomweyo, ndipo nthawi yodikira idzafupika kwambiri.

Mankhwala oyezera amoniya, nitrite, nitrate ndi pH amaoneka okwera mtengo poyerekeza ndi timabotolo take, ndipo ndi amene ambiri amayamba kuwachotsa pa mndandanda. Musawachotse. Popanda iwo simungadziwe tsiku loika nsomba, ndiponso nsomba ikafa simungadziwe choyenera kukonza.

Pogula nsomba, pitani kwa amene ali ndi chilolezo cha Dipatimenti ya za Nsomba kapena kwa oweta anzanu amene nsomba zawo zaswana, chifukwa lamulo la za nsomba la 1997 limafuna chilolezo pa malonda otere. Ku Cape Maclear ndi pa zilumba za Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, kugwira nsomba pafupi ndi gombe n'koletsedwa, choncho musalole kugulitsidwa mbuna za m'chigubu kumeneko. Woyamba kumene asankhe mitundu yofatsirako monga Labidochromis caeruleus yachikasu ija, ndipo apewe Melanochromis auratus, imene imakopa m'maso koma ndi yaukali kwambiri. Mitundu iwiri kapena itatu yosiyana maonekedwe ndi yokwanira, yamphongo imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, zonse pamodzi 12 mpaka 15, ndipo zilowe m'magulu awiri motalikitsa masabata awiri kuti fyuluta izolowere. Ngati mukukazitenga ku Salima, mafuta a galimoto kapena thiransipoti ilowenso m'kope lija, ndipo nsomba ziyende m'majumbo okhala ndi mpweya wambiri kuposa madzi, oikidwa m'bokosi lotseka kuti zisaone dzuwa. Mukafika, yandamitsani jumbo m'thanki kwa mphindi 20, muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenako mutulutse nsomba zokha ndi kaukonde.

Mayunitsi

Mawerengero a magetsi ndi osavuta: mawati kuchulukitsa ndi maola, kugawa ndi 1,000, ndiwo mayunitsi. Fyuluta ya mawati 15 yoyaka usana ndi usiku imadya mayunitsi pafupifupi 11 pa mwezi, pampu ya mpweya ya mawati 4 imadya 3, ndipo nyale ya mawati 20 yoyaka maola 8 pa tsiku imadya pafupifupi 5. Zonsezi ndi mayunitsi 19 pa mwezi, chaka chonse osasintha. Hita ndi imene imasokoneza bajeti. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, pamene nsomba zanu kwawo n'kumadzi ofunda a kuchigwa. Hita ya mawati 200 ikamayaka maola 10 pa tsiku imadya mayunitsi 60 pa mwezi, kutanthauza kuti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti yokha ingadye mayunitsi ochuluka kuposa amene fyuluta, pampu ndi nyale zimadya chaka chathunthu. Mu Okotobala ndi Novembala hitayo siyaka n'komwe, ndipo vuto limakhala kutentha, kumene mumathana nako potsegula chivindikiro ndi kuwonjezera mpweya. Kuti muchepetse ndalama za nyengo yozizira, vindikirani thanki ndi galasi, matani katoni yoyera ija kumbuyo ndi m'mbali, ndipo musaiike pafupi ndi zenera kapena chitseko cha panja.

Kuzima kwa magetsi ndi nkhani yoikonzekera musanagule nsomba, osati itachitika. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuzima kwa maola ambiri kunapitirira mpaka chaka chotsatira. Magetsi akazima, choyamba kutha m'thanki ndi mpweya, osati kufunda. Madzi akaima, nsomba zimayamba kubanika, ndipo mabakiteriya otsekeredwa m'fyuluta yotseka amayamba kufa pakapita maola angapo, kotero magetsi akabwera fyulutayo imalavulira madzi oipa m'thanki. Chida chotsika mtengo kwambiri chothana ndi zimenezi ndi pampu ya mpweya ya batire, makamaka yotchaja yokha imene imapitiriza kugwira ntchito magetsi akangozima, chifukwa nthawi zambiri amazima inu muli ku ntchito. Mukailumikiza ku fyuluta ya siponji ija, mpweya ndi mabakiteriya zonse zimatetezeka.

Amene muli kale ndi inveta kapena sola, lumikizani fyuluta ndi pampu koma hita muisiye. Batire la mavoti 12 ndi 100Ah limasunga mphamvu yokwana yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo yogwiritsa ntchito popanda kuliwononga ndi theka lake. Limeneli lingayendetse fyuluta ndi pampu pafupifupi tsiku lathunthu, koma hita ingalimalize m'maola atatu. Pa kuzizira, funditsani thanki bulangete lochindikala, chifukwa malita 240 ofunditsidwa amazizira mochedwa kwambiri, ndipo kukavuta yandamitsanimo mabotolo a pulasitiki a madzi ofunda m'malo mothira madzi otentha mwachindunji. Tsiku limene magetsi azima nthawi yaitali nsomba zisadyetsedwe, popeza nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri ndiponso imatulutsa amoniya wambiri. Ngati palibiretu pampu, tungani madzi a m'thanki ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kwa mphindi zingapo ola lililonse.

Bilu ya madzi siopsa. Kusintha malita 60 pa sabata ndi malita 3,000 ndi pang'ono pa chaka, ndipo madzi ochotsedwawo ndi abwino kuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba. Chofunika n'kusunga zigubu zitatu za malita 20 zodzaza nthawi zonse, kuti madzi akasiya kutuluka pampopi tsiku losintha lisadumphidwe. Chakudya nachonso sichitha msanga mukamapereka moyenera, ndiko kuti chimene nsomba zingamalize m'mphindi imodzi kapena ziwiri, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Kunyanja mbuna zambiri zimadya ndere za pa miyala, choncho gulani chakudya chokhala ndi spirulina, umene ndi mtundu wa ndere, ndipo nthawi zina muzizipatsa nsawawa zowiritsa zosenda kapena kachidutswa ka nkhaka. Chakudya cha nyama chambiri chimazitupitsa mimba, matenda amene oweta a kunja anawatcha Malawi bloat, ndipo nsomba ikafika potupa kawirikawiri sichira. Madeya, buledi ndi nsima n'zosayenera m'thanki ya galasi. Zimavunditsa madzi tsiku lomwelo. Gulani chitini chaching'ono chimene chingathe m'miyezi yochepa, chifukwa chachikulu chikatsegulidwa chimaguga musanachifikitse pakati.

Nthawi imene ntchitoyi imafuna

Tsiku lililonse pamafunika mphindi 5 kapena 10, ndipo zambiri mwa izo n'zoyang'ana osati zogwira. Podyetsa, werengani nsomba, onani ngati pali imene yabisala kapena yakana kudya, yang'anani choyezera kutentha, ndipo tsimikizani kuti madzi akutuluka m'fyuluta mwamphamvu monga mwa masiku onse. Nsomba yakufa yotsalira kuseri kwa mwala ingaipitse thanki yonse m'masiku awiri.

Pa sabata patulani ola limodzi, pa tsiku lokhazikika. Zimitsani hita ndi fyuluta kaye, chifukwa hita yotentha ikatulukira pamwamba pa madzi imasweka. Palani ndere za pa galasi lakutsogolo, kokani ndowa zitatu za madzi ndi payipi mukuyendetsa kamwa lake pamwamba pa mchenga kuti zonyansa zituluke, kenako thirani madzi atsopano ochotsedwa klorini ndiponso ofunda mofanana ndi a m'thankimo, zimene m'miyezi yozizira zimafuna kusakanizako madzi a m'ketulo. Nitrate asamapitirire mamiligalamu 40 pa lita. Akamapitirira, muzisintha madzi ochulukirapo kapena muchepetse chakudya. Kamodzi pa mwezi onjezerani theka la ola lotsuka fyuluta, ndipo siponji ifinyidwe m'madzi ochokera m'thanki, osati pampopi, kuopa kupha mabakiteriya amene munawadikira masabata aja. Kuchotsa nsomba zonse n'kutsuka thanki ndi sopo, monga ena amachitira pofuna ukhondo, ndi kubwerera pa tsiku loyamba. Ndowa ndi payipi za nsomba zikhale zakezake, zolembedwa, ndipo onse a m'nyumba adziwe kuti si zochapira. Mukaphatikiza zonse, mwezi umodzi umakudyerani maola 7 mpaka 10, ndipo popeza mbuna zimakhala zaka 5 mpaka 10, ntchitoyi ndi ya zaka zomwezo.

Ulendo wadzidzidzi, monga wa maliro kumudzi, usakudetseni nkhawa pa za chakudya, chifukwa nsomba zazikulu zathanzi zimatha sabata osadya popanda vuto. Choopsa ndi wachifundo wotsala pakhomo amene amaona nsomba zikuthamangira ku galasi n'kuganiza kuti zili ndi njala. Ngati mukachedwa kuposa sabata, kulungani chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala, chitini muchibise, ndipo womusiyirayo mumuonetse pampu ya batire ndi bulangete. Onetsetsaninso kuti m'mita muli mayunitsi okwanira masiku onsewo.

Gulu lachitatu la m'kope lija, la za mwadzidzidzi, lisakhale lopanda kanthu. Hita imatha kufa pakati pa Julayi, ndipo ngati m'sitolo mulibe ina, yoitanitsa kunja ingafike nsomba zitadwala kale, choncho kusunga hita yachiwiri ndi pampu yachiwiri n'kwanzeru kuposa kugula zokongoletsa. Nsomba zozizidwa zimagwidwa msanga ndi matenda a timadontho toyera pa thupi, ndipo mankhwala ake ndi bwino kukhala nawo kale. Kathanki ka malita 40 kopatulira zodwala, zovulazidwa ndi zongofika kumene kamateteza ndalama zonse zili m'thanki yaikulu. Palinso choopsa china chimene chili m'nyumba zathu zambiri: mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu ndi poizoni woopsa kwa nsomba ngakhale atakhala ochepa kwambiri, ndipo pampu ya mpweya imawakoka n'kuwalowetsa m'madzi. M'chipinda cha thanki musapoperemo, ndipo ngati n'kosapeweka, zimitsani pampu, phimbani thanki ndi pulasitiki, ndipo mutsegule mawindo musanaivundukule.

Zikasamalidwa bwino, mbuna zimaswana zokha. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, kenako imalavula ana osambira kale, ndipo apa ambiri amayamba kuwerengera phindu. Ine sindingalimbikitse kuika ndalama zimenezo m'bajeti, chifukwa oweta nsomba zokongoletsa mumzinda muno ndi ochepa, kulera anawo kumafuna thanki ina ndi hita ina, kutumiza kunja kumafuna zilolezo, ndipo ana obadwa posakanikirana mitundu iwiri palibe wodziwa nsomba amene angawagule. Zikachulukitsa, kapena inuyo mukatopa nazo, zipatseni oweta anzanu, sukulu kapena ofesi imene ili ndi thanki. Musazitaye mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe, chifukwa madzi amenewa amakathira mu Linthipe n'kukafika kunyanja, ndipo goldfish, guppy kapena matenda a m'thanki akalowa kumeneko palibe angawatulutse; n'chifukwa chake lamulo limaletsa kuika nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Thanki, sitandi ndi fyuluta zimagulitsika ndithu kwa ofuna kuyamba, ngakhale pa mtengo wotsika kuposa umene munagulira, ndipo wogula wodziwa adzafuna kuiona thankiyo ili yodzaza kuti atsimikize kuti sidontha, choncho musakhuthule madzi iye asanabwere.